Dothi la pansi pa bwemba

Mutu wangawu uli ndi kadazi pakati, ndipo si ukalamba ayi, ndi nkhata. Inayamba kundidya tsitsi chaka chimene ndinkasenza dothi pa Mtakataka, pomwe ankamanga shedi yosungiramo thonje pafupi ndi njanji, masiku a Chitaganya. Ana a masiku ano akandiona ndavula duku amagwirana kuseka. Ine ndimangowayang'ana, chifukwa ndilibe nthawi yofotokozera mwana aliyense za mutu wanga.

Ntchito yake sinali yovuta kuimva. Amuna ankakumba ngalande za maziko ndi mapiki, ena n'kumaponya dothi kunja ndi mafosholo, ife akazi n'kumaliwolera m'madengu kukalitaya. Kotayako kunali tsidya lino la njanji, m'chidzenje chimene anakumba kalekale pomanga njanjiyo. Chidzenje chake abale! Munthu wamtali ataimirira m'menemo, wina n'kumukwera paphewa, mutu sukanaoneka kunja. Dzinja lililonse chinkadzaza madzi obiriwira, achule ndi udzudzu, ndiye mwini shedi anati chikwiriridwe. Kapitawo wathu anali bambo wina wa ku Ntcheu, wovala chipewa cha mlaza ndi wezulo m'khosi, ndipo nyimbo yake inali imodzi: "Dothi lonse kudzenje! Wotaya panjira awola ndi manja!"

Ine sindinapite kumeneko chifukwa chosowa chochita. Inali nthawi yososa, ndipo mapesi a thonje anali asanathe kuzulidwa kumunda kwathu. Chimene chinandipititsa ndi mwana wanga.

Dzinja lachiwiri kubwerera m'mbuyo ndinali ndi mimba yoyamba, ndipo mwanayo anabadwa osalira. Mwana wotere kwathu timamutcha mtayo. Sakhala ndi maliro, sapita kumanda kwa akuluakulu, ndipo mwamuna aliyense, ngakhale bambo wake, sayandikirako. Amamutenga amayi awiri kapena atatu kukamuika mwakachetechete, kadzenje kake kosapitirira chigongono. Amati ukamukwirira mozama ndiye kuti watsekera mayi wake njira, sadzaonanso mimba. Mayiyo samuuza malo ake, ndipo amamuletsa kulira. Ine ndinatsala chigonere pamphasa, mvula ikukhuthuka, ndipo ndinangomva chitseko chikutsekedwa. Amene anamunyamula anali azamba a m'mudzi mwathu, omwe anamwalira chaka chotsatira, ndi amayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi anga, amene anandilera mayi atatisiya.

Chichokereni tsiku limenelo, mimba ina sinabwere. Amuna anga anali mkamwini wochokera ku Golomoti, munthu wa mawu ochepa kwabasi, woti mukhoza kulima naye mzere kuchokera m'mawa mpaka dzuwa paliwombo osamva china koposa kutsokomola. Koma alongo ake sanali ofatsa chotero. Akabwera kudzacheza, moni ankapereka kwa ine, maso ali pamimba. Tsiku lina wamkuluyo ananena dala mokweza ndili kuseri kwa nkhokwe: "Achimwene, kodi kuno mukulimira ndani?" Amuna anga sanayankhe. Kusayankhako kunandipweteka kuposa funsolo, chifukwa sindinadziwe kuti mumtima mwawo ayankha chiyani.

Ndiye m'mawa wina ndikusinja, amayi aang'ono anatulukira ali wefuwefu, duku lili pambali.

"Iwe, siya musiwo. Waziona zikhomo akhoma kubwemba kuja?"

Ndinati ndaziona. Mudzi wonse unali utaziona, zikhomo ndi zingwe zoyera kuzungulira mtengo wa bwemba umene unali kumapeto kwa munda wakale wa agogo.

"Mwana wako ali pamenepo," anatero, n'kukhala pansi pomwepo padothi. "Tsiku lija mtsinje unadzaza, sitikanatha kuwoloka kupita kunkhalango kumene timaika anzake. Tinamuika pansi pa bwemba, mapazi asanu kuchokera patsinde, kuloza kuphiri. Sindinayenere kukuuza. Koma ndamva kuti dothi lonse akalitaya m'chidzenje chija."

Musi unandipulumuka n'kugwetsa mtondo, mphale mbwee pansi, nkhuku n'kuthamangirapo. Sindinazithamangitse. M'mutu mwanga munali chidzenje chija basi, ndi mwana wanga ali pansi penipeni, madengu mazanamazana akumukhuthukira pamwamba.

Malowo anapereka ndi amuna a m'mudzi, ndipo analumbira pamaso pa mwini shedi kuti palibe manda. Sananame. Manda onse amene iwo ankawadziwa anali kutsidya kwa mtsinje. Ine ndinati tikawauze. Amayi aang'ono anandigwira pakamwa ndi dzanja lonunkha fodya.

"Wapenga? Ukangotsegula pakamwa, amuna onse akhamukira pamenepo kukasuzumira, ndiye waonongeratu zonse. Mwamuna saona zimenezi."

Ndinati basi tikamufukule tokha anthu asanayambe. Anati pali mlonda ndi galu wake akulondera simenti, ndipo mkazi akapezeka akufukula pansi mobisa pamalo otero, dzina limene angamupatse silichoka mpaka kumanda. Njira inali imodzi yokha: tilembetse ntchito yosenza dothi tonse awiri, tizikhala pafupi, ngalande ikafika pamalopo timutole ndi manja athu, timuike m'dengu, tikamuike kwina. Chizindikiro chinalipo. Anamukulunga m'kansalu kakuda ka biriwita, n'kumuvundikira ndi phale la mphika wanga womwe, umene ndinaulemba mizere itatu m'khosi ndi kamtengo pouumba.

Madzulo ake amuna anga anandiuza, akusamba m'manja, kuti nawonso alembetsa kushedi, ntchito ya piki. Mayo ine! Ndinangoti, "Chabwino." Mwa amuna onse a padziko lino, amene akakumbe pamwamba pa mwanayo akhale bambo wake?

Sabata yoyamba inatha ndi kugwetsa bwemba. Anaudula, anatentha chitsa, anachizula ndi zingwe akuimba, kenako anasalaza malo onse mpaka panangoti see ngati bwalo. Nthambi, makala ndi mizu tinasenza ndife. Pamene ankamanganso zingwe zawo, tsinde lija panalibe woti angaloze pomwe linali. Ndinafunsa amayi aang'ono tikuyenda ndi madengu. Anaima, anayang'ana kuphiri, anayang'ana kunjanji.

"Ndi apa," anatero. Tinayenda pang'ono. "Ayi, ndanama. Ndi apo pali mwala."

"Amayi, apa kapena apo?"

"Iwe, kunali mvula, ndipo ndinali ndi mwana wakufa m'manja. Unkafuna ndiyeze ndi chingwe ngati mzungu?"

Ndinawakalipira tsiku limenelo, munthu amene anandilera. Ndinati maso awo ndi a fodya basi. Sanandiyankhule mpaka mawa lake, koma kuntchito anabwera, ndipo anandibweretsera nkhata yatsopano ya masamba a nthochi.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wosakhazikika. Popeza sitinkadziwanso malo enieni, dengu lililonse lochokera mbali imeneyo linali lokayikitsa. Anzanga ankangowola n'kumapita, ine ndinkayamba ndapapasa ndi zala, kuphwanya chibuma chilichonse. Kapitawo anandiona.

"Mayi inu, mukufuna mtedza m'menemo? Sitinadzale!"

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo mano okha. Ndikasenza langa ndinkathamanga kuti ndipeze amene anditsogolera, ndione chimene chikutuluka m'madengu awo akamakhuthula. Ndinkaima m'mphepete mwa chidzenje, dothi n'kumati khuthu, fumbi koboo, ine maso ali pansi kufunafuna chakuda. Kenako n'kukumbukira kuti pamene ndaima pano, kumbuyoku piki ikugwa, ndiye n'kuthamanganso kubwerera. Ena akapita kakhumi, ine ndinkapita kakhumi ndi kasanu. Kapitawo anayamba kundiloza kwa anzanga kuti onani mkazi wolimbikira, ndipo anzangawo anayamba kundida.

Dzuwa la kunsi kuno mwezi umenewo silisewera. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kuwawa, njanji n'kumanyezimira ngati ikusungunuka. Wezulo wopumira akalira, onse ankathamangira pamthunzi wa milu ya njerwa kukamwa thobwa. Ine kukhala pansi kunkandikanika. Ndinkakhala, n'kudzuka, n'kuzungulira zingwe ngati nkhuku yofuna poikira. Madzi ndinkamwa chiimirire.

Choipa china, malowo anali bwinja la makolo, ndiye mapale anali ponseponse. Phale lililonse likatuluka, ndinkalithamangira. Ndinkalitola mwamsanga, kulibisa m'chiuno mwa nsalu, kukawaonetsa amayi aang'ono kuseri kwa mchenga. Ankalitembenuza n'kulitaya. "Ili ndi la agogo ako." Lina: "Ili ndi la mtsuko, sukuona kukhuthala?" Tsiku lina ndinawabweretsera kafupa. Anati ndi ka mbuzi. Kenako ananena motsitsa kuti ndisayembekezere zambiri, mvula yagwapo kawiri ndipo chiswe chili m'dothi lonselo.

Kunyumba ndinali munthu wachabechabe. Ndiwo ndinkapsereza, mchere ndinkathira kawiri, mtsuko ndinauiwala kuchitsime. Ndikatseka maso ndinkangoona madengu akukhuthuka. Ndipo masana onse ndinkawaona amuna anga ali m'ngalande, msana uli phuliphuli ndi thukuta, piki ikukwera ndi kutsika, tsiku lililonse kuyandikira kumene kunali bwemba. Piki ikagwa ndinkaimva m'mano. Kangapo konse ndinatsala pang'ono kukuwa kuti aleke.

Itatsala ngalande imodzi yokha, ya mbali ya kuphiri, sitima inatsitsa mawilibala anayi. Anali ofiira, atsopano, ndipo amuna anawazungulira ngati aona mkwatibwi. Kapitawo analiza wezulo n'kulengeza kuti kuyambira mawa dothi lizipita pa wilibala, aika matabwa kuchokera pangalande mpaka kudzenje, amuna okhaokha. Akazi titsale ndi zinyalala: zidutswa za njerwa, matumba a simenti, tizipalapala ta matabwa.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinapezeka ndaima pamaso pake, dengu m'manja.

"Bambo, ife tasenza dothi lonseli pamutu, lero latsala pang'ono ndiye mukuti ndife osathandiza?"

"Aa, mayi, ndimayesa musangalala! Mwakonda dothi chonchi, mukwatiwe nalo."

Anaseka, amuna onse n'kuseka naye, kupatula mmodzi. Amayi aang'ono anandikoka nsalu kuti ndichoke ndisananene zoti ndichotsedwe ntchito. Tili m'njira anati, "Mawa tiziwola zinyalala za mbali yomweyo. Zikatha tiziwola zomwe tawola kale."

Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, amuna anga anakhala pakhonde akusema mpini. Ine ndinali kulowa ndi kutuluka m'nyumba popanda chimene ndikutenga. Ulendo wachinayi anandiitana.

"Amayi."

Ankanditchula choncho ngakhale panalibe mwana woti atchulirepo dzina.

"Kodi kuntchito kuja munataya chiyani?"

"Ndinataya mutu," ndinawayankha mokalipa. "Simukuona?"

Anapitiriza kusema. Mawu anafika pakamwa penipeni, ndinawameza. Ndikawauza, ndaswa mwambo ndipo mwina ndadzitsekera ndekha njira. Ndikapanda kuwauza, mawa piki yawo yomwe imudula mwanayo pakati, wilibala n'kukamutaya pansi pa dzenje. Ndinaima pakhomo ndikupotokola nsonga ya nsalu mpaka chala chinachita dzanzi.

"Mawa mukamakumba kumene kunali bwemba kuja," ndinatero, "musamamenye piki mwamphamvu."

"Bwanji?"

"Mizu. Ikuthyolerani mpini."

Anandiyang'ana kamodzi, n'kuyang'ananso mpini wawo. Ndinapsa mtima ndi kufatsa kwawoko, ndinalowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

M'mawa mwake matabwa anali atayalidwa kale, mawilibala akulira kwiikwii kupita kudzenje. Amuna atatu anagawana ngalande yotsalayo, ndipo chigawo cha pakati, pomwe amayi aang'ono ankati mwina ndi apa mwina ndi apo, chinagwera amuna anga. Ine ndi amayi aang'ono tinkatola tizidutswa ta njerwa pafupi, kamodzikamodzi, ngati tikusankha nyemba. Wilibala yoyamba inadzaza n'kupita. Yachiwiri. Ndinkaiperekeza ndi maso mpaka ikhuthule, miyendo ikufuna kuithamangira, koma sindikanachoka pamalopo. Thukuta linkandilowa m'maso ndipo sindinalipukute.

Kenako ndinaona chachilendo. Amuna anga anaika piki pambali, n'kutenga khasu laling'ono limene anabwera nalo kuchokera kunyumba, lija anali kulisemera mpini dzulo. Anayamba kupala dothi pang'onopang'ono, ngati munthu wokumba mbatata amene safuna kuitema. Anzawo mbali zonse ziwiri anali atafika kale m'chiuno, iwo akadali m'mawondo. Kapitawo anabwera akuliza wezulo.

"Iwe wa ku Golomoti, ukupalira chimanga? Piki ili apo!"

"Pali mizu, bwana," anayankha osadzutsa mutu. "Ithyola mpini."

Mawu anga omwe! Ndinamva kutentha kumaso. Amayi aang'ono anandiponda chala kuti ndisayang'anitsitse.

Anapala, anapala. Ndiye ndinamva kakuti khwe, khasu litakhudza chinthu chosakhala mwala. Phokoso laling'ono kwambiri, koma ine ndinalimva pakati pa mapiki onse ndi mawilibala onse. Amuna anga anaima. Anatembenuza nkhope kuyang'ana kuphiri, khosi lonse kupotoka, ndipo sanayang'anenso pansi. Ndi phazi anakankha thabwa la wilibala kuligwetsera m'ngalande.

"Dengu kuno!" anaitana.

Mnzawo wa wilibala anati, "Wilibala ili pompano, achimwene."

"Thabwa lagwa. Dengu kuno, ndati."

Sindikumbukira kuti ndinayenda bwanji. Ndinangopezeka ndagwada m'mphepete mwa ngalande, dengu langa ndakhuthula njerwa zonse. Pansipo, m'dothi lofiirira, panali msana wa phale lakuda, ndipo m'khosi mwake mizere itatu. Ndinaidziwa ngati mmene munthu amadziwira chipsera chake. Amuna anga anatenga fosholo, nkhope ili kuphiri chomwecho, maso atatsinzina zolimba mpaka makwinya. Anailowetsa patali ndithu ndi phalelo, analizungulira mbali zonse mopapasa, kenako anailowetsa pansi n'kunyamula chibuma chonse chathunthu, phale lili pamwamba pake. Anachitsitsira m'dengu langa mosagwedeza. Amayi aang'ono anali atavula kale duku lawo, ndipo anavundikira pomwepo.

Anatuluka m'ngalande n'kugwira dengu mbali imodzi, amayi aang'ono mbali ina, kundisenzetsa. Chikhalire m'banja anali asanandisenzetsepo kanthu. Dengu litakhazikika pankhata, ananena chapansipansi, maso ali kwina:

"Amayi, ili musathamange nalo."

Sindinathamange. Masabata onse aja ndinali kuthamanga ngati wopenga, koma tsopano ndinkaponda ngati ndasenza mtsuko wodzaza mpaka pakamwa. Ndinatsata matabwa, ndinafika pachidzenje, ndipo ndinachidutsa osachiyang'ana. Kumbuyo wezulo analira.

"Mayi inu! Dzenje mwalipitirira! Mukupita nalo kuti dothi la eni ake?"

Sindikanatha kucheuka. Amene anayankha ndi amayi aang'ono, mutu uli pamtunda, imvi zonse poyera, mawu okweza kuti aliyense amve:

"Akukazira khonde! Dengu limodzi lokha mwayamba kulira? Kapena mukufuna mukamuzirire ndinu? Tiyeni, bwana, mugwade bwino, tikupatsani ndi mwala wokulungira!"

Anthu anafa nako kuseka. Koma ndinazindikira kuti akazi anzanga, omwe aja ankandida, sanaseke. Anali ataima ndi madengu awo pamatabwa, mmodzi pambuyo pa mnzake, njira yonse kutsekeka, moti kapitawo akanafuna kunditsata akanayamba wawakankha. Palibe anawauza kanthu. Iwonso anali akazi, ndipo anali ataona duku likuvundikira dothi. Kapitawo anakuwa kuti tonse awiri tisadzapondenso pamenepo, ndipo sitinapondepodi.

Nditafika panjanji, sitima yochokera ku Salima inali ikubwera. Ndinaima kuidikira. Inadutsa ndi utsi wake ndi mabogi osatha, anthu ali m'mawindo akudya nzimbe, ena akundiloza, mkazi wosenza dothi lovala duku. Nthaka inkanjenjemera ndipo ndinagwira dengu ndi manja onse awiri. Pamenepo ndi pomwe ndinamva kulemera kwake bwinobwino, kukutsika m'khosi mpaka mumsana. Ndinazindikira kuti ndaima malo amodzi, ndipo miyendo siikufuna kupita kulikonse. Ndinayankhula naye mwana wanga. Ndinati, "Usaope, ndi sitima chabe."

Tinakamuika kumapeto kwa dimba langa, pansi pa nthochi, pomwe madzi safika ngakhale mtsinje udzaze. Tinakumba ndi manja, ndipo amayi aang'ono anayeza ndi mkono wawo, kenako ndi wanga, n'kubwezeramo dothi pang'ono kuti pasazame. Anati ndiyang'ane kumbali. Ndinakana. Atatukula phale, panali kansalu kofumbwa kongotsala ulusi, ndi timafupa tochepa tonga minga ya usipa. Zinali zokhazo. Ndinalira pamenepo, kulira kwenikweni kokhala ndi mawu, kumene anandiletsa zaka ziwiri.

"Samulira ameneyu, iwe," anatero amayi aang'ono. Ananena kawiri. Kachitatu mawu anawathera, anatembenuka n'kuyamba kufunafuna fodya wawo m'nsalu, ndipo anamufunafuna nthawi yaitali.

Shedi ija inamangidwa, inafoleredwa malata, thonje linalowamo zaka zambiri. Chidzenje chinakwiririka, pamwamba pake panamera nsatsi. Ine ndinadikira. Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Ndinamwa mizu yowawa ya mitundumitundu, ndinayenda wapansi kupita kuchipatala ku Mua, anandiyeza bwinobwino n'kundipatsa mankhwala. Mimba sinabwere. Amayi aang'ono mpaka imfa yawo ankati chinalakwika n'choti mwamuna anaona. Ine ndinkawayankha kuti sanaone, ndinalipo, ndipo tinkakangana mpaka wina atuluke panja.

Alongo awo a amuna anga anabwera ndi mawu awo chaka ndi chaka, mpaka anawapezera mkazi ku Golomoti, wamasiye wa ana atatu, woti kubereka kwake n'kosakayikitsa. Amuna anga anamvetsera zonse ali chete monga mwa masiku onse, kenako anadzuka, anatenga khasu n'kupita kudimba. Alongowo anatopa okha.

Tinali titayamba kale imvi pamene ndinawafunsa. Tinali kudimba komweko tikumangira tomato.

"Bambo, tsiku lija kushedi, munaona?"

Anamanga mfundo yawo kaye.

"Sindinaone."

"Nanga munadziwa bwanji?"

"Tsiku la mvula lija ndinali pakhonde kwa mnzanga. Ndinawaona amayi awiri akulowera kubwemba, ndinayang'ana kumbali. Zikhomo zitakhomedwa ndinati, ngati pakumbidwe, pakumbe ine." Anatola luzi lina. "Maso ndinatseka. Koma pafosholo ndinamumva."

Ha! Masabata onse aja ine ndikupsereza ndiwo ndi kumenyetsa zitseko, munthu akudziwa, ali phee. Ndinawatukwana ndithu, ndinati ndinu munthu woipa mtima, mukanandiuza. Anati, "Inunso mukanandiuza." Tinamaliza mzere wa tomatowo, ndipo pobwerera anandinyamulira khasu.

Anamwalira ali mkamwini m'mudzi mwathu momwemo. Akazi anzanga akamacheza amaonetsana misana yopindika, wina kuti ndinabereka asanu ndi awiri pamsana uwu, wina kuti khumi. Ine ndimangoika dzanja pakadazi kanga. Mbereko sindinamangepo chibadwire. Mwana wanga ndinamunyamula kamodzi kokha, pamutu, kuchokera pashedi mpaka kudimba, ndipo amene anandisenzetsa ndi bambo wake.